Kagalimoto kakang'ono kogwirapo kale ntchito: kadzawonjezera phindu kapena kadzadya mpamba?

Palibe wamalonda amene sanaganizepo zogula galimoto. Ganizoli limabwera 4 koloko m'bandakucha mutaima pasiteji ndi madengu atatu, minibasi ziwiri zitakupitirirani chifukwa kondakitala sakufuna katundu. Limabweranso madzulo mvula ikamagwa, wakabaza atakweza mtengo podziwa kuti mulibe kolowera. Ndiye mukaona mnzanu wa pabenchi loyandikana nanu wagula ka Mira kapena ka Passo, mtima umayamba kuwerengera ndalama zimene zili ku banki mkhonde.

Sabata ino tiyeni tiunike timagalimoto ting'onoting'ono togwirapo kale ntchito timene tadzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Mfundo yaikulu ndi iyi: galimoto imapindulitsa wamalonda ngati yalanda ntchito imene mukulipira kale ndalama zambiri, kapena ngati yakutsegulirani msika umene simukanaufikira. Ikapanda kuchita chimodzi mwa ziwirizi, ndiye kuti mwalemba wantchito amene amadya tsiku lililonse koma sabweretsa kanthu.

Timagalimoto timeneti n'totani?

Ambiri mwa magalimoto ang'onoang'ono amene timawaona kuno amachokera ku Japan. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, ku Japan amayendetsa kumanzere ngati ife, choncho chiwongolero chili mbali yoyenera misewu yathu. Chachiwiri, kumeneko galimoto yatsopano imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula. Eni ake ambiri amaona kuti n'kwabwino kugulitsa n'kugula ina, ndipo zogulitsidwazo ndi zimene zimakwera sitima kubwera kuno.

Pali magulu atatu amene wamalonda ayenera kuwasiyanitsa. Gulu loyamba ndi la timagalimoto ta injini ya 660cc monga Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto. Malamulo a ku Japan amati kagalimoto ka gulu limeneli kasapitirire mamita 3.4 m'litali ndi mamita 1.48 m'lifupi, ndipo kanyamule anthu anayi okha. Gulu lachiwiri ndi la injini ya 1,000cc mpaka 1,300cc monga Toyota Vitz, Toyota Passo ndi Nissan March. Gulu lachitatu ndi lokulirapo pang'ono, la Toyota Sienta ndi Toyota Probox, zimene zambiri zimakhala za 1,500cc.

Onsewa anthu amangowatchula kuti "kagalimoto", koma ntchito zimene angagwire n'zosiyana kwambiri.

Ubwino wake

Choyamba ndi mafuta. Kagalimoto ka injini yaing'ono kamamwa petulo wochepa kuyerekeza ndi pikiapu kapena galimoto yaikulu. M'zaka zapitazi tonse taona mizere ya mafuta, anthu akugona pamalo omwetsera. Nthawi ngati imeneyo, amene wapeza malita khumi okha mu Mira amatha kuyenda masiku angapo, pamene wa galimoto yaikulu mawa lake wabwereranso pamzere.

Chachiwiri ndi zipangizo ndi amakaniko. Vitz inayamba kupangidwa mu 1999, Passo mu 2004, ndipo zonse zinabwera kuno zambirimbiri. Kotero zipangizo zake, zatsopano ndi zophwasula ku magalimoto ena, zimapezeka ku Biwi mu Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe mu Blantyre, ngakhalenso m'maboma. Makaniko wa pansi pa mtengo anaitsegulapo kale injini imeneyi kambirimbiri. Matayala ndi batire zake nazonso n'zotsikirapo mtengo chifukwa n'zazing'ono.

Chachitatu ndi nthawi. Amene amagulitsa zinthu zosachedwa kuwonongeka monga nsomba zaziwisi, masamba, mazira, makeke ndi zakudya zophikaphika amadziwa kuti ola limodzi ndi ndalama. Wofika kumsika 6 koloko amagulitsa pa mtengo wa m'mawa. Wofika 9 koloko amapeza makasitomala atagula kale. Galimoto imakupatsaninso mwayi wokasiya katundu pakhomo pa kasitomala, kumaofesi, kumasukulu ndi kumalo odyera, kumene oda imakhala ya mwezi ndi mwezi.

Chachinayi ndi chitetezo cha katundu. Mazira amasweka paminibasi, zovala zimanyowa pakabaza, katoni imasowa podutsa mudepoti. Zimenezi ndi ndalama zimene ambiri sazilemba m'buku, koma zimatuluka ndithu.

Chachisanu, timagalimoto timeneti sitivuta kugulitsa. Mukafuna ndalama mwachangu, Vitz kapena Sienta yosamalidwa bwino imapeza wogula msanga kuposa galimoto ya mtundu wosowa.

Pamene kamavutira

Vuto lalikulu kwa wamalonda ndi kulemera kwa katundu. Mira inapangidwira anthu anayi ndi zikwama za kusitolo. Mukakwera inu ndi wokuthandizani n'kuikamo matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50, mwafika kale pamalire. Belo ya kaunjika imalemera makilogalamu pafupifupi 45, kotero masamu ake ndi omwewo. Ngakhale Probox, imene inapangidwira ntchito yonyamula katundu, malire ake ndi makilogalamu 400, kutanthauza matumba 8. Timalole ting'onoting'ono ta 660cc monga Suzuki Carry ndi Daihatsu Hijet malire ake ndi makilogalamu 350, matumba 7.

Tonse timaona ma Sienta ndi ma Probox atadzaza mpaka kumbuyo kukhudza pansi. Amayenda ndithu, koma mwini wake amalipira pambuyo pake: masipuling'i kutha, matayala kuphulika, mabuleki kulephera, giyabokosi kufa. Apolisi apamsewu nawonso sangakulekereni. Choncho ngati bizinesi yanu ndi yokapikula mbatatesi ku Tsangano, tomato ku Jenda kapena kabichi ku Lizulu, kagalimoto ka m'tauni si yankho. Kugawana lole ndi anzanu n'kotchipa kuposa kuyenda maulendo anayi pa Passo.

Vuto lachiwiri ndi misewu. Timagalimoto timeneti n'totsika, tinapangidwira phula losalala. M'misewu ya fumbi ya m'makwalala, nthawi ya dzinja madzi atakumba ngalande, kunsi kwa galimoto kumagunda miyala. Mwala umodzi ukaboola chosungira oilo pansi pa injini, inu osazindikira msanga, injini yonse yapita. Musanagule, yendani wapansi msewu wochokera panyumba panu kukafika pa phula, muuone ndi maso a mwezi wa Febuluwale.

Vuto lachitatu ndi giyabokosi. Timagalimoto tambiri ta zaka zaposachedwa tili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT. Imeneyi imathandiza kusunga mafuta, koma imafuna oilo wakewake, ndipo sigwirizana ndi katundu wolemera pamtunda. Makaniko akathiramo oilo wa giyabokosi ya otomatiki wamba, imayamba kunjenjemera kenako n'kufa. Ikafa, kawirikawiri sakonza, amangogula ina, ndipo mtengo wake ungameze phindu la miyezi ingapo.

Vuto lachinayi sililembedwa m'buku la galimoto iliyonse. Mukagula galimoto, mwagulira mudzi wonse. Maliro, chinkhoswe, wodwala pakati pa usiku, mlamu wofuna kubwereka Loweruka, zonsezi zidzafika pakhomo panu. Kuthandizana n'kofunika, koma petulo wa maulendo amenewa akamachokera m'thumba la bizinesi, mpamba umatha mwakachetechete.

Mtengo wa pa intaneti si mtengo wofikira pakhomo

Ambiri amakopeka akaona mtengo wa galimoto pa foni. Mtengo umenewo nthawi zambiri ndi wa galimoto ili ku Japan. Pamwamba pake muwonjezere ndalama ya sitima kukafika padoko, lomwe kwa ambiri ndi Dar es Salaam, ngakhale ena amadzera ku Durban kapena ku Beira. Muwonjezere zolipira padoko, wokutulutsirani galimotoyo, dalaivala ndi mafuta a ulendo wa makilomita oposa 900 kuchoka ku Dar es Salaam kudzafika pachipata cha Songwe ku Karonga. Kenako pali msonkho wa ku Malawi Revenue Authority, MRA, umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: galimoto yakale kwambiri imaoneka yotchipa ku Japan, koma msonkho wake ukhoza kukhala wokwera kuposa wa galimoto ya zaka zochepa. Funsani ku MRA kuchuluka kwa msonkho musanatumize ndalama, osati galimoto itafika kale pachipata.

Palinso nkhani ya kwacha. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze galimoto ya madola 3,000. Lero lake inali K3,540,000, mawa lake K5,100,000, galimoto yomweyo. Poti pamatenga masabata angapo kuti galimoto ifike, amene akuitanitsa kunja ayenera kukhala ndi ndalama yapadera yodikirira zoterezi. Galimoto ikakhala padoko chifukwa ndalama zapelewera, tsiku lililonse limalipiritsidwa.

Kugula yomwe ili kale m'dziko muno kumakupulumutsani ku zonsezi, ndipo mumaiona ndi maso musanalipire. Kuipa kwake n'kwakuti ngati inayendapo kuno zaka zingapo, makamaka ngati inkachita matola, misewu yathu inaidya kale.

Masamu oyenera kuchita musanagule

Tengani kope ndi cholembera. Kwa mwezi wathunthu, lembani ndalama iliyonse imene mukuwononga pa mayendedwe a bizinesi: minibasi, kabaza, wonyamula pawilibala, hayala, komanso mtengo wa katundu wosweka kapena wowonongeka panjira. Osaganizira chabe, lembani tsiku ndi tsiku. Chiwerengero chimenecho ndiye malipiro a galimoto imene mukufunayo.

Tsamba linalo lembani zimene galimoto idzadye. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 30 patsiku, masiku 26 pamwezi. Amenewo ndi makilomita 780. Ngati kagalimoto kanu kakuyenda makilomita 15 pa lita imodzi, mukufunika malita 52 pamwezi. Chulukitsani 52 ndi mtengo wa petulo umene bungwe la MERA lalengeza panopa. Kuti muone mmene chiwerengerochi chimasinthira, kumbukirani kuti mu Novembala 2023 petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Malita 52 omwewo anachoka pa K90,792 kufika pa K131,560 usiku umodzi, pamene mtengo wa mandasi ndi tomato sunathe kukwera mofananamo.

Petulo ndi chiyambi chabe. Amakaniko ambiri amalangiza kusintha oilo ndi zosefera pa makilomita 5,000 alionse, kutanthauza kawiri pachaka pa maulendo tawerengawa. Pali inshuwalansi, imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo. Pali COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Pali matayala, batire, mabuleki, malipiro oimika galimoto m'tauni, mlonda wa usiku ngati mulibe mpanda, ndi zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke ngati mumadutsa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Ngati simudziwa kuyendetsa, onjezani sukulu ndi laisensi, kapena malipiro a dalaivala. Zolipira pachaka zigaweni ndi 12 kuti zikhale za pamwezi. Pomaliza ikani ndalama ya zogwa mwadzidzidzi, chifukwa galimoto yakale siuza tsiku lofera.

Mukafananiza masamba awiriwa mudzadziwa choonadi. Ngati tsamba la galimoto lili pamwamba, dzifunseni kuti kusiyanako kudzachokera kuti. Yankho likhale dzina la kasitomala kapena msika weniweni, osati chiyembekezo.

Amalonda awiri, galimoto imodzi

Titenge amalonda awiri ogula Passo yofanana. Woyamba ndi mayi wophika makeke ndi zakudya za masana, amene amapereka kumaofesi asanu ndi kumaukwati a Loweruka. Katundu wake ndi wopepuka koma wosalimba, ndipo amafunika kufika pa nthawi yake. Panopa amalipira hayala pafupifupi tsiku lililonse ndipo amakana maoda ena chifukwa cha mayendedwe. Kwa mayi ameneyu galimoto ikulanda ntchito ya hayala, ikuchotsa kuwonongeka kwa katundu, ndipo ikuwonjezera makasitomala. Idzadzilipira yokha.

Wachiwiri ndi bambo wa okala ya pamsika, amene amaoda katundu kawiri pa sabata mumashopu a makilomita atatu kuchokera pa okala yakeyo. Tsiku lonse amakhala pamalo amodzi. Galimoto yake idzamubweretsa m'mawa, n'kukhala padzuwa mpaka madzulo. Inshuwalansi, COF ndi batire sizisiya kudya chifukwa choti galimoto yaima. Mamiliyoni amene wagulira galimotoyo akanadzaza okala, mwinanso kutsegula yachiwiri.

Ena amati galimoto ndi posungira ndalama chifukwa mtengo wake m'makwacha umangokwera. N'zoona kuti ena agulitsapo galimoto pa mtengo woposa umene anagulira. Koma muziwerengera m'mabelo kapena m'matumba, osati m'makwacha. Ngati ndalama imene munagulira galimoto ikanagula mabelo 20, ndipo pogulitsa mwapeza ya mabelo 14, mwaluza ngakhale makwacha achuluka. Komanso mabelo 20 aja akanazungulira kangapo pachaka n'kubala phindu.

Ena amaganiza zoti galimotoyo izichita matola akaweruka. Dziwani kuti kunyamula anthu olipira kumafuna chilolezo chake, nambala yofiira ndi inshuwalansi yogwirizana ndi ntchitoyo. Mukachita ngozi muli ndi anthu olipira pa inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo, kampani ikhoza kukana kulipira, mlandu wonse n'kugwera inu.

Kuiyendera musanalipire

Ngati masamu akuvomerezani, musapite nokha. Tengani makaniko wanu, osati wobwera ndi wogulitsa. Ndalama imene mungamulipire tsiku limenelo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi injini.

Pitani m'mawa injini isanalizidwe. Injini yodwala imabisa matenda ikatentha. Ikalira, onani utsi: wabuluu ukutanthauza kuti ikuwotcha oilo, woyera wosalekeza ukusonyeza kuti madzi akulowa m'injini. Tsegulani chotsekera oilo. Mukapeza zoyera ngati mkaka, madzi ndi oilo zikusakanikirana. Mukatembenuza kiyi, magetsi onse ochenjeza ayake, ndipo injini ikalira azime. Getsi limene silikuyaka n'komwe likhoza kukhala kuti wina analichotsa dala.

Musakhulupirire makilomita olembedwa pa dashibodi okha, chifukwa amabwezedwa. Onani kutha kwa chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi zopondera. Galimoto yoti yayenda pang'ono singakhale ndi zopondera zosalala. Suzumirani kunsi kuti muone dzimbiri, poti m'madera ozizira a ku Japan amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Onani ngati utoto ukufanana mbali zonse ndiponso ngati zitseko zikutsekeka bwino. Kusiyana kukusonyeza ngozi yakale.

Kenako iyendetseni mphindi zosachepera 20, pamtunda ndi pamsewu wa mabampu, wailesi itazimitsidwa. Wogulitsa amene akukana zimenezi wakuuzani kale zonse.

Mapepala

Galimoto yabwino ya mapepala oipa ndi chitsulo chabe. Nambala ya chesisi yolembedwa pa galimoto ifanane ndi ya mu blue book, chilembo ndi chilembo. Dzina la mu blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akukugulitsaniyo. Ngati akuti ndi ya achimwene ake amene ali ku Joni, dikirani achimwenewo. Funsani umboni woti msonkho wa MRA unalipiridwa, chifukwa pali magalimoto ena amene analowa osalipira msonkho pa chilolezo chapadera, ndipo akagulitsidwa msonkhowo ukhoza kufunidwa kwa amene ali nayo. Fufuzaninso ngati galimotoyo siinaikidwe chikole pa ngongole.

Lembani kalata ya mgwirizano pamaso pa mboni, ndipo lipirani kudzera kubanki kuti pakhale umboni. Pitani limodzi ndi mwini wake ku ofesi ya Road Traffic kukasintha umwini, ndipo ndalama yomaliza iperekedwe kusinthako kukatheka. Madobadoba olonjeza njira yachidule asiyeni; pepala lachinyengo likadzagwidwa, iwo sadzakhalapo.

Ndalama yogulira ichokere kuti?

Ichokere ku phindu limene mwasunga, osati ku mpamba. Mukagula galimoto mashelefu n'kutsala opanda kanthu, mudzakhala ndi chonyamulira koma mulibe chonyamula. Ngongole ya katapila kapena ya banki mkhonde ya chiwongoladzanja cha pamwezi siyenera kugulira galimoto, chifukwa galimoto imabweza ndalama pang'onopang'ono pamene chiwongoladzanja chimathamanga. Ndipo musathere ndalama yonse pa mtengo wogulira. Siyani ina yosinthira oilo yense, matayala otha ndi mapepala m'mwezi woyamba.

Ngati masamu sanakwane chaka chino, palibe chamanyazi. Pangani mgwirizano wa pamwezi ndi wa hayala mmodzi kuti akutsitsireni mtengo, kapena sonkhanani anthu atatu anayi a msika umodzi muzigawana ulendo. Kuthamanga sikufika. Yambani ndi kope lija mawa m'mawa, ndipo pakatha masiku 30 lidzakuuzani lokha ngati nthawi yogula yakwana.